Nkhuku ya Nthutumba Ziwiri

Mirriam anafika kwa Mayi Zaituni nkhungu isanachoke m'phiri, ngakhale anapangana ndi makolo ake kuti akumane masana. Sitolo ya mbewu ndi feteleza yomwe amagulitsamo pa boma la Ntchisi anaisiya ndi mnzake, atanena kuti mutu ukumuwawa. Sikunali kunama kwenikweni. Mutu unkamuwawadi, ndipo chouwawitsacho chinali panjira kuchokera ku Kasakula, chitavala jekete la kutchalitchi. Anali amalume ake, a Elifala.

Nkhani yake inali yaifupi, koma inakhala ikukoka miyendo chiyambire dzinja. Ramadani, mwana wa Mayi Zaituni, ankafuna kumukwatira. Ankhoswe a Ramadani anali okonzeka kalekale. Koma ankhoswe a mwamuna sangagogode pakhomo mwini mbumba asanatchule tsiku, ndipo mwini mbumba anali a Elifala, mlongo wawo wa amayi ake. Bambo ake, a Yosefe, anavomera tsiku lomwe anamva, koma kuvomera kwa mkamwini kumalemera bwanji? Iwo ku Bowe ndi obwera. Munda amalimawo ndi wa kuchikazi, nyumba anaimanga pa dothi la kuchikazi, ana anaberekawo ndi a kuchikazi. A Elifala sanakane, ayi. Munthu wokana umadziwa pomugwira. Iwo ankangoseka, n'kunena kuti fodya ali m'chigafa, tidikire. Fodya atachoka m'chigafa kunagwa maliro. Maliro atatha anati akufuna aone kaye ndi maso awo kuti anthu osadya nkhumbawa amadya chiyani. Lero ndiye linali tsiku loonalo.

Lesitilanti ya Mayi Zaituni ili kuseri kwa msika, pamalo otsetsereka, moti tebulo lililonse lili ndi kachidutswa ka katoni pansi pa mwendo umodzi. Ukakhala pawindo umaona phiri lonse ndi minda yotsika nalo. Banja la a Yosefe linayamba kudyera pamenepa Mirriam ali ku sekondale yogonera pa bomapo. Potsekera teremu bambo ake ankabwera kudzamutenga, nthawi zina pa lole ya soya, nthawi zina pa njinga yakapalasa atanyamula amayi ake kumbuyo, kukankha m'zitunda zonse za Dowa mpaka malaya kunyowa ngati avumbidwa. Akafika ankaitanitsa mpunga ndi nkhuku ya lokolo. Ndipo Mayi Zaituni, osafunsa munthu, ankatola nthutumba n'kuiika m'mbale ya a Yosefe, n'kunena kuti iyi ndi ya abambo.

Ku Bowe zimenezo sizinkachitika. Nkhuku kwawo inkafa amalume akabwera basi, ndipo nthutumba, yomwe ngakhale mwana amadziwa kuti imapita kwa wamkulu wa pambale, inkalunjika kwa a Elifala, woweta nkhukuyo akulimbana ndi khosi. Mirriam anakula akuziona zimenezi magazi akuwira. Malo okhawo padziko lonse pamene bambo ake ankadya ngati mwini banja anali pano, patebulo la pawindo. Ndipo lero iye mwini, chifukwa cha ukwati wake, ankabweretsa a Elifala kuti adzawalande ndi pomwepa.

N'chifukwa chake analowera khomo la kuseri. Anapeza Ramadani atamaliza kuzinga nkhuku za tsikulo, akutsuka mpeni, Mayi Zaituni akusankha mpunga m'lichero. Pambali panali beseni la nthutumba, zomwe madzulo amazikazinga n'kugulitsa kwa a kabaza. Mirriam anagwada pang'ono, napereka moni, kenako ananena zimene anagona nazo. M'mbale ya nkhuku yawo aikemo nthutumba ziwiri. Wogawa adzakhala iyeyo. Ina adzaiika poyera m'mbale ya amalume, inayo adzaikwirira mumpunga wa bambo ake, palibe adzaone.

Mayi Zaituni anasiya kusankha. Anamukumbutsa kuti nkhuku imakhala ndi nthutumba imodzi, ndipo amuna a kumudzi, ngakhale amene sanapondeko kusukulu, chimenecho amawerenga. Ramadani anati bwanji angoichotseratu, pasakhale wodya. Mirriam anamuyang'ana ngati wapenga. Nkhuku yopanda nthutumba amalume sangaikhudze n'komwe, adzati awapatsa zotsala. Ramadani anati nanga akaphika nkhuku ziwiri? Mirriam anamuyankha mokalipa kuti anthu anayi nkhuku ziwiri, amalume adzati akuwagula, ndipo adzaiyenda nayo nkhaniyo Kasakula yense. Ramadani anabwerera ku mpeni wake.

"Mwana wanga," anatero Mayi Zaituni, "mtima wakowu ndimaukonda. Koma ukuona ngati lero ndi tsiku lake?"

"Amayi, bambo anga alibe malo ena."

Mayiwo anapisa dzanja m'beseni, nasankha kanthutumba kakang'ono, nakaponya mumphika.

Makolo ake anafika dzuwa lili pamutu, atasinthira minibasi pa Mponela, fumbi lili m'nsidze. Amayi ake, a Marita, anali atavala chitenje cha chigwirizano ngati akupita ku mgonero. Asanakhale n'komwe anamukokera Mirriam pakona n'kumunong'oneza kuti pakamwa pakepo lero apasiye panja pamodzi ndi fumbi la m'mapazi. Amalume akanena zopweteka, aseke. Akafunsa, ayankhe mwachidule. Akapanda kufunsa, adye. A Yosefe anapatsana moni ndi Mayi Zaituni mwachimwemwe monga mwa nthawi zonse, nalunjika pa mpando wawo wa pawindo. Anakhala, anavula chipewa, anapumira m'mwamba. Kenako anakumbukira. Anadzuka mwakachetechete n'kusamukira pa mpando wa kukhomo, pamene chitseko chimagunda munthu kumsana. Mirriam analuma mlomo mpaka kumva mchere.

Anadikira. Matebulo ena anadzaza, anthu anadya, anachoka. Njinga yamoto iliyonse ikaima panja, Mirriam ankasuzumira kukhomo. Anayamba kuganiza kuti mwina amalume sabwera, mwina kwagwanso maliro ena, ndipo sanadziwe ngati zimenezo zingamupweteke kapena kumupepukira. Kawiri konse anafuna kuthamangira kukhitchini kukachotsa kanthutumba kaja. Kawiri konse maso ake anagwera pa bambo ake, chitseko chikuwagunda, iwo akupepesa kwa wolowayo.

A Elifala anatsika pa kabaza akulankhula kale. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wokonda anthu ndi kukondedwa. Tisawanamizire, milandu ya mbumba yawo amaithamangira, pamaliro sagona. Koma ulemu amauwerenga ngati mabelo a fodya, ndipo ukasowa umodzi amadziwa. Anapita molunjika pawindo ngati mpandowo anabadwira pomwepo, naika chipewa chawo pawindopo, nayang'ana phiri, nayang'ana a Yosefe.

"Alamu, mwanenepa. Ndiye kuti munda wathu ukubereka."

"Ukubereka, alamu, ukapeza woulima."

Onse awiri anaseka, a Marita anaseka mochedwa, Mirriam sanathe. Mayi Zaituni atabwera kudzawalonjera, a Elifala anawafunsa ndi nkhope yoongoka ngati kapado, nyama ya nkhumba ija, ali naye. A Marita anabisa nkhope m'chitenje. Koma Mayi Zaituni anayankha modekha kuti anatha nthawi ya agogo awo, ndipo chiyambire sanaodenso. A Elifala anaseka mpaka kumenya tebulo, katoni wa pansi pa mwendo n'kuchoka, a Yosefe n'kuwerama kumubwezera. Mirriam anamva mpweya ukulowa m'chifuwa koyamba tsiku limenelo. Amalume akaseka chonchi ndiye kuti munthu amukonda. Mwina zitheka.

Chakudya chinabwera: mpunga wofiirira wonunkhira zokometsera, kabichi, ndi mbale yakuya ya nkhuku, msuzi utaphimba nthuli zonse. Mirriam anatambasula dzanja kuti atenge supuni yogawira. Amayi ake anamumenya kadzanjako pang'ono, akumwetulira, n'kunena kuti mwana sagawira amalume ake mlongo wawo ali pomwepo. Supuni inapita m'manja mwa a Marita.

Zimenezi Mirriam sanaziganizire. Usiku wonse anakonza za amalume, za bambo ake, za Mayi Zaituni, koma amayi ake omubereka anawaiwala. Anati, "Amayi, mwatopa ndi ulendo, ndipatseni," koma a Marita anamuponda phazi. Mirriam anabweza manja pamiyendo, maso akutsata supuni ikumira mumsuzi. Inatuluka ndi ntchafu. Inamiranso, inafufuza, inatuluka ndi nthutumba yaikulu, ndipo a Marita anaiika pamwamba pa mpunga wa mlongo wawo ndi manja awiri. A Elifala anagwedeza mutu, akupitiriza kufotokoza za mitengo ya fodya. Mirriam anapemphera kuti kanthutumba kaja kamamatire pansi pa mbale, kasungunuke, kasanduke anyezi. Supuni inamira kachitatu kufunira a Yosefe phiko.

Inatuluka nako.

A Marita anaima ndi supuniyo m'malere. Anayang'ana m'mbale ya mlongo wawo, anayang'ana pasupuni, ngati munthu amene wakumana ndi malemu pamsika. Msuzi unkadontha pansalu ya tebulo. A Elifala anasiya mawu pakati. Ndipo Mirriam, poona kuti dzanja la amayi ake layamba kupendekera kumene limapendekera nthawi zonse, anatola kanthutumbako ndi zala, kakutentha choncho, n'kukaika pamwamba pa mpunga wa bambo ake, poyera, aliyense akuona.

A Elifala anayamba ndi kuseka. Anaitana Mayi Zaituni, nawafunsa kumene amagula nkhuku za nthutumba ziwiri, kuti nawonso akagule tambala ndi thadzi, aziweta. Anati iwo akula, aona nkhuku yopanda nthenga m'khosi, aona ya zala zisanu, koma iyi ndiye yachilendo. Anthu a patebulo loyandikana anatembenuka. Kenako kuseka kunazima ngati nyali yatha mafuta. Anakankhira mbale yawo pakati.

"Ndiye kuti patebulo pano pali eni mbumba awiri. Ine mwandiitanira chiyani?"

Anatembenukira kwa Mayi Zaituni, nanena mosakweza mawu kuti anamva kuti pakhomo pano pali ulemu, n'chifukwa chake analola kukwera njinga yamoto m'zigwembe zonsezo. Ngati tsiku loyamba lenilenili akuwayesa chonchi, kuwaika pasikelo ndi mkamwini anthu akuonerera, nanga mwana wa mlongo wawo akadzalowa pakhomopo adzamuyesa zotani? Mayi Zaituni anagwira m'manja, nayamba kupepesa kuti kukhitchini kumakhala piringupiringu, dzanja lalakwa, cholakwa ndi chawo. Mzimayi wamkulu, wa hijabu yake yoyera, akuwerama m'lesitilanti yake yomwe chifukwa cha mlandu wa wina. Pakhomo la kukhitchini Mirriam anaona Ramadani ataima, nkhope itauma.

"Ndine, amalume. Amayiwa asiyeni, anandikaniza. Ndine ndinawauza."

"Miri," anatero a Marita motsitsa.

Koma chitseko chinali chitatseguka kale. Mawu anatuluka akunjenjemera, kenako anasiya kunjenjemera, ndipo pamenepo ndi pamene panaipa. Anafunsa amene ankakankha njinga m'zitunda kubwera kuno. Anafunsa amene anagona pakhonde la chipatala malungo atamugwira ali folomu thuu, amene anagulitsa mbuzi zake kuti iye alembe mayeso, amene amalima munda umene ena amautcha wathu. Anati munthu ameneyo wakhala pa mpando wogundidwa ndi chitseko, pamalo pamene amadyera chiyambire, ndipo kanyama kochepa ngati chala n'kamene kakhale mlandu?

"Inu amalume mumandidziwa pamaliro ndi paukwati. Pakati ponsepa analipo ndi awa."

Wina panja ankaliza belu la njinga. A Marita ankalira mopanda mawu. Mirriam anamva zala zake zikuwawa pamene zinapsa, ndipo anadziwa chimene wachita asanamalize n'komwe kupuma.

A Elifala sanakalipe. Chikhala anakalipa, zikanakhala bwino. Ananena pang'onopang'ono kuti mwanayu wanena zoona, iwo ndi a pamaliro ndi paukwati. Ndi a tsiku limene banja lidzavute, limene mkazi amathawa usiku ndi chitenje chimodzi, n'kufuna munthu woti akakhale pansi ndi akuchimuna. Ntchito imeneyo poti waipezera mwini wina, aigwire yemweyo. Akawauze abusa, akamuuzenso shehe, kuti nkhoswe yake ndi bambo ake omubereka, aone ngati pali amene angamange ukwati wotero. Atatero anatenga chipewa chawo pawindo.

Mirriam anadziwa kuti sakuopseza. A Elifala akatuluka pachitseko chimenecho, palibe wina wa kuchikazi angayerekeze kukhala nkhoswe m'malo mwawo. Ankhoswe a Ramadani adzatopa kudikira. Iye adzatsala ndi njira yongolowana popanda mwambo, yomwe Mayi Zaituni sangailole pakhomo pawo. Kupepesa kunali pafupi, koma kupepesa chiyani? Bodza linali pati pa zimene ananena?

A Yosefe, amene nthawi yonseyi anangoyang'ana mpunga wawo, anasuntha mpando. Anatola kanthutumba kaja ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, nakaika m'mbale ya a Elifala pambali pa inzake. Kenako anaibweza mbaleyo pamaso pa alamu awo.

"Alamu, nkhuku iyi ndi yanu yonse. Mwanayu pakamwa anatengera kwathu, osati kwanu. Kalipirani ine. Khalani pansi, chakudya chizizira."

"Ababa," anatero Mirriam.

"Idya, Miri."

Sanamuyang'ane. Mawu awo anali omwe aja amanenera mvula ikalowa m'nkhokwe, osadandaula, ongofuna kuti chotsala chipulumuke.

A Elifala anaima ndi chipewa m'manja kwa nthawi imene Mirriam anaiona ngati chaka. Anayang'ana kukhomo. Anayang'ana mlongo wawo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anakhala pansi, nabweza chipewa pawindo, nayamba kudya. Anayamba ndi yaikulu ija. Nthutumba ya lokolo ndi yolimba, simeza msanga, ndipo iwo sanafulumire. Anatafuna, anatafuna, tebulo lonse likumvetsera. Anadyako mpunga. Anamwa madzi. Atatero anatola kakang'ono kaja, anakatembenuza ngati akufuna kukadziwa bwino, nakaponya m'kamwa. Mirriam anayang'ana kumbali. A Yosefe ankadya mpunga wawo ndi kabichi, supuni ikugogoda mbale mofatsa.

Atameza, a Elifala anafunsa ngati mnyamatayo ali ndi miyendo kapena amangosuzumira pakhomo. Ramadani anabwera atavula epuloni, nanjuta pambali pa tebulo. Anamufunsa dzina, kwawo kwa bambo ake, ndi ntchito yake. Anamufunsa ngati mkaziyu adzamuletsa kutchalitchi. Ramadani anati zimenezo adzanena ndi mwini wake.

"Ameneyu ndiye amanenadi," anatero a Elifala. "Wamumva wekha. Ukumufunabe?"

"Ndikumufuna, bambo."

A Elifala anapukusa mutu ngati akumumvera chisoni, napukuta mafuta pamlomo. Anati ankhoswe ake abwere Loweruka lomaliza mwezi uno. Abwere ku Kasakula, kunyumba kwawo, osati ku Bowe. Ku Bowe adzamva zotsatira.

Mayi Zaituni anathokoza. Ramadani anathokoza. A Marita anathokoza kawiri, mawu akuthyoka. A Yosefe nawo anawomba m'manja, nati zikomo alamu, mwatichotsa manyazi. Kenako Mirriam anazindikira kuti onse akudikira iye. A Elifala anatsamira kumpando, manja pamimba. Tsiku analitchula, koma munthu amene walitchula akhozanso kulimeza.

Chimene ankachifuna chiyambire dzinja chinali m'manja mwake, ndipo chinkanunkha. Anaganiza zodzuka n'kutuluka. Anaganiza zonena kuti ankhoswe apite ku Bowe, kwa bambo ake, apo ayi asiye. Mawuwo anafika mpaka pamano. Pansi pa tebulo dzanja lokhakhala la bambo ake linagwira mkono wake, osaufinya, kungougwira.

Anatsika pampando, nagwada pasimenti yozizira, nawomba m'manja.

"Zikomo, amalume."

"Sindinamve."

"Zikomo kwambiri, amalume. Ndinalakwitsa."

A Elifala anati basi zatha, ana amalakwa, naitanitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi za tebulo lonse, nayambiranso nkhani ya fodya pomwe anaisiyira. Mirriam anabwerera pampando, natenga supuni. Sanadzutse maso kuyang'ana bambo ake. Ankadziwa kuti akawayang'ana awapeza akumumwetulira kuti asadandaule, ndipo chimenecho sakanachipirira.